Matimati a Mkazi Wanga

Mkazi wanga sankagula mbewu. Pobwera kuchokera kothawira ku Zambia nkhondo itatha, anatenga kansalu kopakapo njere za matimati ang'onoang'ono, owawasa, a khungu lolimba. Ndiwo amene tinkadzala kuseri kwa nyumba chaka ndi chaka, pamodzi ndi mpiru ndi maluwa achikasu onunkha amene iye ankati amathamangitsa tizilombo.

Posankha mbewu sankayang'ana kukula kwa chipatso. Ankayang'ana tsinde limene lapirira mvula yambiri osapsa masamba, n'kulimanga kachingwe. Zipatso za tsinde limenelo sitinkadya. Ankazifinyira pa kansalu, n'kukapachika kudenga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uzisunge. Aliyense wopempha ankamung'ambirako. Ine ndinkadandaula.

"Mugawa mpaka nsalu ithe," ndinkatero.

"Abambo, mbewu yosungira kumodzi ndi yakufa kale," ankandiyankha.

Anamwalira mvula ili pafupi kutha. Maliro atapita ndinkadya kwa mlongo wanga, ndipo m'khitchini mwathu simunayakenso moto kwa miyezi. Denga linadontha. Pamene ndinatsitsa kansalu kaja, kanali kakuda ndi chuku, ndipo mphemvu zinali zitadya zotsala.

Ndinapita ku Cassacatiza kukagula mbewu za m'mapepala ku loja, sitolo ya kumeneko. Pachithunzi panali matimati aakulu ngati chibakera. Anamera bwino, koma mvula itabwera masamba anada, zipatso zinaola zisanapse. Mpiru wogula unaphuka maluwa usanapereke masamba okwanira.

Ndinayamba kufunsa amene mkazi wanga anawagawira. Ambiri anali atasiya, anati matimati aang'ono sayenda malonda. Anatsala mayi mmodzi wa ku Nsadzo, amene anakhala naye pamodzi kothawa nkhondo. Ndinakwera njinga.

Ndinawapeza akupeta nyemba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, mwaonda chotere, mukudya mphepo kodi?"

"Ndikudya, mayi. Ndabwera chifukwa cha matimati aja."

Anaika lichero pansi. Kenako anati ana awo anawabweretsera mbewu zatsopano, ndipo zakale anazileka. Analowa m'khitchini, ndinamva akusuntha zinthu. Anatuluka ndi kachidutswa ka nsalu kodzaza mwaye. Ndinaidziwa nsaluyo. Inali ya chitenje chimene mkazi wanga ankavala kudimba.

"Zakhalitsa, alamu. Sindikulonjezani kanthu. Zikamera mudzandibwezereko, musaume manja ngati kale."

Tinaseka pang'ono, kenako iwo anapukuta maso.

Ndinafesa njerezo pa bedi laling'ono, ndinaphimba ndi udzu, ndinathirira m'mawa ndi madzulo. Ndinadikira mpaka udzu wophimbira unayamba kuola. Sipanamere kanthu. Ndinafukula ndi chala, ndinapeza makoko okhaokha.

Matimati amenewo anathera pamenepo. Sindinawaonenso kwa wina aliyense, ngakhale pamsika wa ku Chifunde ndimayang'anabe pa milu ya amayi.

Maluwa achikasu okha ndiwo anabwerera. Anadzimerera m'mbali mwa mpanda, pamene njere zawo zinagwera. Ndinasankha tsinde limene linapirira mvula, ndinalimanga kachingwe. Mitu yake youma ili kudenga la khitchini tsopano, ndipo ina ndinatumiza ku Nsadzo. Sindiphika kwambiri, koma moto ndimakoleza tsiku lililonse.