Mtsikana Amene Sankasiya Mpata Papepala

Ndinaphunzitsa Chinyanja ku Chawama zaka zija sopo ankapezeka mwa mphekesera. Ukamva kuti kusitolo kwabwera mafuta ophikira, unkasiya chilichonse n'kuthamangira pamzere, mwinanso n'kubwerako chimanjamanja miyendo itatupa. Ndinkakhala ku komboni ya Kuku, ndipo kusukulu ndinkapita wapansi. Choko tinkachita kuthyolerana ndi aphunzitsi anzanga. M'kalasi langa la Giredi 9 ana ankadzaza mpaka pakhomo, ena atakhalira njerwa.

Chaka ndi chaka ndinkaimba nyimbo imodzimodzi ya chimangirizo, mpaka inenso inandikola. Mutu pamwamba. Mawu oyamba, ouza wowerenga kumene mukumutengera. Thunthu, momwe mfundo iliyonse imakhala ndi ndime yakeyake. Kenako mawu omaliza. Ndime ikatha, dumphani mzere, yambani ina molowa pang'ono m'kati. Ndinkawauza kuti chimangirizo chili ngati nyumba, sugoneka anthu onse m'chipinda chimodzi. Ana ankaseka, poti ambiri mwa iwo ankagonadi onse m'chipinda chimodzi, ndipo ine sindinasinthe chitsanzocho chifukwa mphamvu yoganiza china ndinalibe.

Pafupi ndi zenera losweka pankakhala mtsikana wina wamtali, wosalankhulalankhula. Banja lawo linachokera ku migodi bambo ake atachotsedwa ntchito. Mwanayo nkhani ankaidziwa kuikamba. Nditawapatsa mutu wa kutunga madzi, anzake analemba zoti madzi ndi moyo, iye analemba za amayi amene amasiya zidebe pamzere wa pampopi kuti ziwasungire malo, ndi ndewu imene imabuka wina akasuntha chidebe cha mnzake. Ndinaseka ndekha ndikuchonga.

Koma kalembedwe kake kankandiwawitsa mutu. Ankayambira pakona yeniyeni ya pepala n'kukathera pakona inayo, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere, mizere iwiri pamalo a mzere umodzi. Ndime panalibe, ngakhale poti ine ndilembepo ndemanga panalibe. Katatu konse ndinafinyikiza mawu ofiira pachikuto cha buku lake: Ndime zili kuti? Kachinayi mtima unandikwera, ndinamuimiritsa pamaso pa anzake.

"Iwe, makutu ako ni yokongoletsa chabe mutu? Nakamba kangati za ndime?"

Anayang'ana pansi. Anzake atatuluka anabwera patebulo panga.

"Ba madamu, nimamvela. Koma buku ni imozi chabe ya masabujekiti yonse. Bamayo banakamba ati ikasila, yasila. Manje nikayamba kujumpa mizele, izasila mwezi uno."

Ndinatsegula bukulo bwinobwino. Kutsogolo kunali Chinyanja, kumbuyo masamu, pakati sayansi, zonse zikuyenda kukakumana. Masamba oyera anatsala ochepa kwambiri. Ndinachita manyazi, ndipo sindinamupepese, poti aphunzitsi a nthawi imeneyo kupepesa mwana sitinkakudziwa.

Tsiku lomwelo anandiuzanso za azakhali ake a ku komboni ya Ng'ombe, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi. Anali atamupezera kale malo panyumba ina yofuna mtsikana wolera ana. Mayi ake anavomera kuti adikire mayeso okha. Akakhoza apitirire ku Giredi 10, akalephera anyamule chikwama.

M'kabati ya ahedi munali mapepala akale a mafunso, olembedwa mbali imodzi. Ndinawapempha, iwo anandiyang'ana ngati ndapempha impso, komabe anandipatsa. Masana ena anzake akaweruka, ine ndi iye tinkatsala. Ndinkamuuza kuti alembe mfundo imodzi, aime, adumphe mzere. Dzanja lake linkaima pamwamba pa malo oyerawo.

"Chimanibaba, ba madamu. Apa ponse pangokhala chabe?"

"Pangokhala. Wochonga naye ni muntu, afunika popumila."

Pang'onopang'ono anazolowera. Mawu oyamba ankaima paokha, thunthu linkagawika bwino, mawu omaliza ankabwera osathamanga. Ine ndinkafika kunyumba dzuwa litapendeka, ana anga akundidikira ndi njala, koma mumtima ndinkati mwana mmodzi yekhayu ndamuwolotsa.

Tsiku la mayeso a Chinyanja ndinamudikira pansi pa mtengo kunja kwa mpanda. Anatuluka akumwetulira, chinthu chimene sindinkachiona kawirikawiri.

"Ba madamu, banatipasa vipepa vambili, vatsopano! Ine ninasebenzesa chimozi chabe, vinangu ninabweza voyela."

"Nanga ndime?"

Kumwetulira kuja kunazima. Anagwira pakamwa, n'kuyang'ana dzanja lake ngati ndi la munthu wina.

"Ninaibala. Ninaona chabe ati nisaononge."

Sindinakalipe. Ndinamuuza kuti apite akakonzekere mayeso a mawa, ine n'kukhala pamuzu wa mtengo uja nthawi yaitali. Miyezi itatu ya mapepala a ahedi sikanatha kugonjetsa zaka zisanu ndi zinayi za kuopa kutha kwa buku. Ndinatopa tsiku limenelo kuposa masiku onse a pamzere wa mafuta.

Zotsatira zitatuluka, dzina lake panalibe. Anzanga ankandilimbitsa mtima kuti malo a Giredi 10 ndi ochepa, ana ambiri anzeru amatsala, ndisadziimbe mlandu. Mwina ankanena zoona. Koma inenso ndinachongapo mayeso, ndipo ndikudziwa zimene munthu wotopa amachita akakumana ndi tsamba lakuda bii ndi nyerere pamene mulu wa mapepala ukumudikira.

Mvula itatha, mayi ake anandipeza pageti la sukulu n'kundipatsa kalata yochokera kwa mtsikana uja. Inali papepala loyera, lolimba, la mtundu umene kusukulu kwathu sitinkauona, mwina la m'nyumba ya abwana ake. Pamwamba panali malo ndi tsiku. M'ndime yoyamba anandipatsa moni ndi kunena chifukwa cholembera. Anadumpha mzere. M'ndime yachiwiri anafotokoza kuti akulera ana awiri, amadzuka m'mamawa kukolopa, ndipo amathandiza wamkuluyo homuweki. Anadumphanso mzere. M'ndime yomaliza anandithokoza, n'kundipempha kuti ndisamakalipire ana olemba mothithikana ndisanaone mabuku awo. Pansi pake panatsala theka la tsamba loyera, losalembedwa kanthu.

Ndinaiwerengera patebulo la m'kalasi, ana akusokosera. Mwa chizolowezi ndinali nditatenga kale cholembera chofiira. Ndinayenda nacho kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawiri konse, osapeza poti ndichonge. Ndinachibweza m'chikwama, ndinaimirira, n'kuyamba kufufuta bolodi.