Ndowa ya mbatatesi imene ndinapatsa mnansi

Nditatumizidwa kukaphunzitsa ku Khondowe, ndinanyamula mbewu ya mbatatesi kuchokera kwathu ku Ntcheu. Ife a ku Ntcheu pa nkhani ya mbatatesi sitiuzidwa, ndipo ine pa kusamva kumeneku ndinali katswiri.

Kuseri kwa nyumba ya sukulu ndinalima mizere ingapo. Inamera bwino, kupatula mapando ena amene ankafota masana n'kudzukanso m'mawa. Ndinati ndi dzuwa.

Mnansi wanga anali mayi wamasiye amene ankalera zidzukulu ndi kadimba ka tomato ndi mbatatesi m'mphepete mwa mtsinje. Tsiku lina anandilangiza kuti ndizike timitengo pa mapando athanzi masamba asanaume, kuti pokolola ndidziwe potenga mbewu. Ndinaseka. Ndinawauza kuti kwathu timakumba zonse, zikuluzikulu timadya kapena kugulitsa, zing'onozing'ono ngati dzira timasunga. Anangoti yewo, n'kumapita.

Pokumba, masamba onse anali atauma, phando lodwala ndi labwino osasiyananso. Ndinaunjika pamodzi n'kusankha zing'onozing'ono, osaganiza kuti zambiri zinachepa chifukwa chodwala. Ndinaziyala pathandala m'chipinda mopita mphepo, ndipo zinaphuka mokongola. Monyada ndinawatapira mayi aja ndowa yodzaza. Anazengereza pang'ono, koma mphatso sakana.

Patapita miyezi iwiri anandiitana kudimba. Mizere yonse inali itagwa, ndi tomato woyandikana nayo yemwe. Anazula phando limodzi n'kudula mbatatesi ndi mpeni. M'kati munali mzere wofiirira wozungulira, ukutulutsa zoyera ngati mafinya. Mlangizi wa zaulimi anali atawauza kale kuti matendawa amatsala m'nthaka, ndipo pamalopo asabzalepo mbatatesi kapena tomato kwa zaka zingapo. Dimba lina analibe.

Ndinadziwa kuti matendawa anabwera ndi ndowa yanga ija. Ndinalakalaka atanditukwana, mwina mtima ukanapepukako.

"Palije suzgo, asambizgi," anatero m'chinenero chawo, kutanthauza kuti palibe vuto, aphunzitsi. "Koma yotsala kwanuko musapatsenso munthu."

Yotsalayo ndinaikwirira m'dzenje tsiku lomwelo, ndipo sindinabzalenso mbatatesi ku Khondowe. Popita kutchalitchi ndinkazungulira njira yaitali kuti ndisadutse padimba lija. Loweruka lina ndinawaona pamsika akugula tomato atatu, iwo amene ankatigulitsa aphunzitsi tonsefe. Ndinaima kuseri kwa wogulitsa usipa mpaka atachoka.