Mawu Osasa a Mayi Okolopa

Mayi okolopa mu situdiyo yojambulira nyimbo anabwerera ku ntchito patangopita masiku anayi chiikireni amuna awo m'manda. Mawu awo anali atasasa ndi kulira.

Tsiku lomwelo mtsikana woti ayimbe kolasi sanabwere. Wojambula nyimbo atamva moni wawo anawaitana.

"Mayi, tasiyani kaye chikolopacho. Muyimbe mzere umodzi wokha: 'Bwera kunyumba, madzi osamba akuzizira.'"

Anayimba kawiri, n'kubwerera kukakolopa.

Nyimboyo inatchuka. Inkalira m'maminibasi, m'masaluni ndi m'mafoni a ana asukulu. Ikafika pa mzere uja anthu ankakuwa, ena n'kudzuka kuvina. Mayiwo akaimva sankamva kukoma, sankamva kuwawa. Mwana wawo wamkazi akafunsa kuti, "Amama, si inu awa?" ankangoti, "Eya," n'kupitiriza kuchapa.

Patatha miyezi ingapo wojambula nyimbo anawaitananso kuti ayimbe nyimbo ina. Anayimba kasanu konse, mawu akutuluka osalala bwinobwino. Wojambula uja anavula mahedifoni.

"Ayi, mayi. Ndikufuna mawu osasa aja. Simungawabweze?"

"Pepani bwana," anatero akutola chikolopa chawo. "Mwamuna ndinali naye mmodzi yekha."