Sopo wa mbale m'mabuleki anga

Fakitale ya nsalu itatseka ku Kadoma, kwathu ku Zimbabwe, ine sindinakhale pakhonde kumadandaula ngati anzanga a m'komboni yathu ya Rimuka. Ndinauza mkazi wanga Nabanda kuti ndikupita ku Francistown. Kulemba dzina kumanditulutsa thukuta, koma ndipatseni payipi ya mafuta muone! Galimoto yanga ya dizilo, yakale koma yosadontha ngakhale kadontho, ndinasiyira mwana wathu Tendai kuti azinyamula amake pokagulitsa kaunjika ku Chegutu.

Ku Botswana ndinkadula mapayipi, kuwafinya kumapeto ndi makina, kuwamanga m'magalimoto okalamba. Ndinkagona kuseri kwa galaja, bulangete likununkha dizilo. Lamlungu ndinkayankhula ndi wailesi, ine munthu woti ndikatsokomola Rimuka yonse imadziwa kuti a Phiri adzuka. Ndalama ndinkatumiza. Mapayipi atsopano ndinkatumizanso pa basi. Pafoni funso langa linali limodzi: "Mabuleki ali bwanji?" Tendai ankayankha m'Chishona chakecho, "Inofamba, mudhara." Akuti ikuyenda. Ine ndinafunsa za kuyenda?

Nsana utayamba kukana, ndinabwerera. Chikwama ndinangoponya pakhomo n'kukatsegula boneti. Amayi ine! Payipi ya chiwongolero inali yothirira ndiwo kudimba, yomangidwa ndi mphira wa chubu. Nditakwawira pansi ndinapeza payipi ya buleki ya tayala lakumbuyo ataiphwanya ndi hamala kuti isadonthe. M'kabotolo ka mafuta a mabuleki munali thovu lobiriwira. Ndinanunkhiza. Sopo wotsukira mbale, wosakaniza ndi madzi!

"Iwe Tendai, mapayipi ndinkatumiza aja ali kuti?"

"Okumba golide a ku Muzvezve ankawafuna, baba. Sopoyu aliyense amathira."

"Aliyense amanyamula amako?"

Ndinakuwa mpaka aneba anasuzumira pampanda. Mkazi amene ndinamuvutikira kwa eni ankayenda msewu waukulu uja, pakati pa malole, moyo wake uli pa thovu. Ndinazula nyansi zonsezo. Ndinapinda mapayipi achitsulo atsopano, kuwamanga, kuthira mafuta enieni, n'kutulutsa mpweya tayala ndi tayala, Nabanda akundipondera buleki uku akung'ung'udza kuti mwendo watopa.

Loweruka tinanyamuka wa ku Chegutu, Tendai pa chiwongolero, amake pambali pake, ine kumbuyo ndi mabelo, chifuwa chili patsogolo. Ng'ombe inalowa mumsewu chapatali. Mwanayu anazolowera kupopa buleki mwamphamvu akadali kutali, ndiye anaponda monga mwa masiku onse. Galimoto inangoti njo! Nabanda anagunda chipumi pagalasi, belo linandigwera m'khosi.

"Mwaona!" ndinakuwa. "Amenewo ndiye mabuleki!"

Palibe anayamikira. Tendai anati galimoto ndaiwononga, yayamba kulusa. Nabanda, atagwira chotupa, anatembenuka n'kundiyang'ana ngati wokwera matola.

"Abambo a Tendai, zaka zonsezi timaima bwinobwino inu kulibe. Lero mwabwera, ndatupa."

Mawa lake ndinapeza botolo la sopo ataliika pansi pa mpando, kudikira tsiku limene mapayipi anga adzadonthe. Analiika si Tendai ayi. Linali lokulungidwa m'chitenje cha Nabanda.