Kompyuta ya bambo inakana kuyaka

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene bambo anabwera kuchokera kudambo ndi milamba inayi yokha, atakhala pamadzi kuyambira mbandakucha. Ndinali ndi satifiketi ya zamakompyuta, koma kwathu kuno, m'mphepete mwa Elephant Marsh, pepalalo linkangodyedwa ndi mphemvu m'sutikesi. Nditawauza, sanadzutse n'komwe mutu pa ukonde umene ankasoka. Anangoti, "Pita, Zuze. M'dambomu mwatsala udzudzu wokha."

Ku Joni ndinapeza ntchito pa shopu yokonza makompyuta. Tinkagona anthu asanu m'kachipinda kamodzi. Malipiro akabwera, lendi inkadya gawo lake, zina n'kutumiza kumudzi, ine n'kutsala ndi za buledi. Koma njala yeniyeni inali ya munthu wocheza naye. Bambo makutu anali atayamba kugontha. Ndikaimba foni ankangokuwa, "Halo? Halo?" kenako n'kupatsa mlongo wanga Esinati, amene ankakhala nawo limodzi ndi ana ake, kuwasamala chimwalirire mayi.

Pa shopupo ndinaphunzira kanthu kena. Kompyuta ukaizimitsa sikuti yafa ayi. Ngati magetsi alipo ndipo chingwe cha netiweki chili chilumikizire, m'kati mwake mumatsala kachigawo kakang'ono kamene kamamvetserabe. Ukaitumizira kauthenga kokhala ndi nambala yake, imayaka yokha, ngakhale iwe uli kutsidya kwa Zambezi. Ndinkayatsa choncho makompyuta a m'maofesi a anthu ndili khale pampando. Tsiku lina ndinadzifunsa kuti, nanga kwathu chingalephereke n'chiyani?

Patatha zaka zitatu ndinabwera pa Khirisimasi ndi kompyuta yakale, kamera, sipika yamphamvu, sola, batire ndi kabokosi ka netiweki. Zonse ndinaziika pabalaza, moyang'anizana ndi mpando wa bambo.

"Baba, inu musavutike ndi batani lililonse," ndinatero. "Iziyaka yokha Lamulungu mukaweruka kutchalitchi. Chachikulu, chingwe chabuluu ichi pasapezeke wochikhudza."

"Nanga wina akachizula?" anafunsa bambo.

"Ndiye kuti sindingakuoneni."

"Ohoo," anatero, akuchiyang'anitsitsa.

Nditabwerera ku Joni, kwa zaka ziwiri zinayenda ngati mafuta. Ikakwana 2 koloko ndinkadina pafoni yanga, kompyuta ija n'kuyaka, bambo awo ali pampando atavala jekete. Jekete, ndi kutentha kwa Chikwawa kuja! Ndikawaseka ankati, "Munthu sulandira mlendo uli chifuwa pamtunda." Tinkakamba za madzi a mu Shire, za mapira, za amene wakwatira ndi amene wathawidwa. Potsazikana ankathokoza mwa chikwathu, "Takhuta, mwananga." Mawu amenewo ndiwo ankandisenza sabata yonse.

Lamulungu lina ndinaona kuti jekete lija lawakulira. "Baba, mwaonda bwanji?" Iwo anati, "Ndi kagalasi kakoka, kamanama." Lamulungu lotsatira ndinadina, zii. Ndinadinanso, zii.

Apa ndiye pamene pamandiwawa mpaka lero. Ine katswiri uja ndinayamba kusaka vuto m'zitsulo. Ndinati ndi batire, ndinatumiza ndalama, Esinati anakagula lina ku Nchalo. Ndinati ndi kabokosi, ndinatumiza kena pabasi. Ndikafunsa za chingwe, Esinati ankati, "Chilipo, achimwene. Kaya ndi netiweki." Ndikati apatse bambo foni, ankati apita kudimba, kapena agona. Ndinamukalipira mwana wa mayi anga, ndinamunena kuti ndi mbuli yosasamala katundu. Iye ankangoti, "Pepani." Miyezi itatu ndinaganizira fumbi, makoswe, mphenzi, chilichonse. Za dzanja la munthu sizinandibwerere n'kamodzi komwe. Ndiponso ndisaname, ndinkaopa kuganiza zambiri. Masiku a m'pasipoti yanga anali atatha kale, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka sadzandilolanso kulowa.

Kenako Esinati anaimba yekha. "Achimwene, bwerani. Baba akukufunani." Aliyense wakwathu amadziwa tanthauzo la mawu amenewo akauzidwa munthu wakutali. Bwana anandiuza kuti ndikapita malo anga alowa wina. Pachipata cha m'malire anandidinda chidindo chondiletsa kubwereranso. Ndinafika bambo ataikidwa kale masiku asanu. Kutentha kwa kuno sikudikira munthu wa pabasi.

Nditachokera kumanda ndinalowa pabalaza. Kompyuta inali yopukutidwa bwino, batire latsopano lili pambali, kabokosi kakuyaka. Chingwe chabuluu chinali pamsomali, chitakulungidwa mwaudongo, chomangidwa ndi ulusi wa ukonde. Mfundoyo ndinaidziwa. Ndi imene anandiphunzitsa ndili mwana.

"Anazula okha," anatero Esinati ataima pakhomo. "Anati mukawaona mmene analili musiya ntchito, ndiye ine ndi ana tidya chiyani. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni."

"Sankandifuna?"

"Aa, achimwene! Lamulungu lililonse ndinkawaveka jekete, n'kuwanyamula kuwakhazika pamenepo. Ikakwana 2 koloko kanyali ka pakabokosi kankaphethira, iwo n'kumati, 'Ndi Zuze ameneyo, akugogoda.' Ankakhala mpaka katasiya."

Ntchito imene ankaitetezayo inapita ndithu. Tsopano ndili pano, dambo lilibe nsomba, ndipo m'mudzi muno mulibe kompyuta ina yoti ndikonze. Esinati amandipatsa moni bwinobwino, koma ndikudziwa kuti pakamwa pawonjezeka pomwe dzanja lotumiza lachoka.

Tsiku ndinafikalo ndinamasula mfundo ija, ndinabwezera chingwe pamalo pake, n'kudina pafoni ndili chiimire. Sipanathe ndi mphindi yomwe, kompyuta inayaka. Panalibe chimene chinawonongeka. Pagalasi panaoneka mpando wa bambo, jekete lili pamsana pake, ndi ine pambali nditagwira ulusi wa ukonde.