Chitsulo Pansi pa Mphika

Lero ku warehouse yosungiramo katundu komwe ndimagwira ntchito kuno ku South Bend, ku America, atibweretsera chimakina choti chitilande ntchito. Zitsiru! Fungo la girisi wake landikumbutsa bambo anga.

Ndili mwana, iwo ankawomba nsalu pa fakitale ina ku Blantyre. Mabwana atagula makina atsopano n'kuyamba kuchotsa anthu, bambo ndi anzawo anaphwanya makinawo. Bambo anafika kunyumba masana, manja ali bii, atanyamula chitsulo chomwe anazula pa makinawo.

"Apolisi ali m'mbuyomu," anatero bambo. "Akachipeza, ndapita kundende."

Mayi anachotsa fuwa limodzi pamoto, n'kuikapo chitsulocho, n'kuterekapo mphika wa nyemba.

Apolisi atafika anagudubuza nyumba yonse, osapeza kanthu. Mmodzi anadzaima pamoto pomwepo.

"Mayi, chitsulo mwachibisa kuti?"

"Achimwene, tasunthani," anatero mayi akusonkheza nkhuni. "Mukunditchingira mphepo, nyemba zanga sizipsa."