Wailesi ya a Newton Inkangoti Zii

A Newton Kalilombe ndawadziwa zaka makumi anayi, kuyambira ine ndikugwira ntchito ku njanji, iwo akuyendetsa malole. Tonse makolo athu anachokera ku Nyasaland, tinakulira muno mu Sizinda, mumzinda wa Bulawayo ku Zimbabwe. Sindiwakometsera: anali munthu wouma mutu.

Atapuma pantchito anabwera ndi wailesi yawo ya CB, ija madalaivala amalankhulirana pamsewu. Anaiika pawindo, eriyo naimika padenga. Inali ndi kabatani, mbali ina AM, mbali ina FM, koma kabataniko sankakakhudza. Ankati FM ndi ya ana, imamveka bwino munthu akakhala pafupi, akangotalikira imamutaya. AM imasokosa ngati mvula pamalata, koma mawu ofooka a munthu wakutali imabwera nawobe.

Mwana wawo anali mmodzi, Thabani, nayenso dalaivala. Anakangana pamene Thabani anatenga mkazi ku Lobengula osauza bambo ake. Ndinalipo tsiku limenelo. A Newton anamulozera chitseko.

"Foni yako sindiyankha. Ukadzafuna kupepesa, undipeza pa tchanelo chathu Lamlungu masana. Pamenepo ndidzakuyankha."

Thabani anapita. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, a Newton ankakhala pawindo paja, ine pambali ndi kapu ya tiyi. Nkhani ya mwana sankaitchula, koma khutu linali kuwailesi. Nthawi zina phokoso lija linkaleka mwadzidzidzi, wailesi nkungoti zii, pansipansi pakumveka ngati munthu akung'ung'udza atafunda bulangete. Pakapita kanthawi phokoso nkubwerera. A Newton ankaimenya wailesiyo ndi chikhatho, amvekere yakalamba ngati mwini wake.

Chaka chatha lole ya Thabani inagubuduzika pamsewu wa ku Beitbridge. Pamaliro panabwera Trymore, mnzake amene ankasinthana naye chiwongolero. Anagwira a Newton dzanja nawafunsa mwaulemu chifukwa chimene sankamuyankhira Thabani. Trymore anati katundu akawadutsitsa mu Bulawayo Lamlungu, Thabani ankaimika lole kuseri kwa komboni ya Tshabalala, nkutenga maikolofoni, nkulankhula nthawi yaitali. Ankapepesa. Tsiku lina ananenanso kuti kwabadwa mdzukulu, dzina lake Chiyamiko. Akatha ankadikira, kenaka nkuliza injini.

A Newton anafunsa funso limodzi lokha, kuti wailesi ya m'loleyo inali pa chiyani.

"Pa FM, mdala. Madalaivala tonse tinasamukirako kalekale. Iye ankati nanunso munasintha."

Ndinaona mnzanga akukhala pansi pafumbi, suti ili m'thupi. Zii uja anali mwana wawo. Wailesi ya pa AM ikalandira mawu a FM imazimitsa phokoso, koma mawuwo siitulutsa bwino. Thabani anafa akuganiza kuti bambo ake akumumva koma akukana, pomwe bambo ake ankamenya wailesi.

Ena amati ndi tsoka. Ine ndimati Tshabalala ndi pafupi, munthu amafikako wapansi, ndipo onse awiri anali ndi miyendo.

Kabatani kaja tsopano kali pa FM. Chiyamiko amabwera ndi mayi ake, a Newton amamunyamula. Koma Lamlungu masana amakhalabe pawindo, nkudina maikolofoni.

"Thabani, ndine bambo ako. Ndamva, mwana wanga."

Analonjeza kuti adzamuyankha. Akuyankhadi, koma woti alandire yankholo kulibe.